Ulimbo wa Bambo ndi Zomatira Zosaopa Madzi

Bambo anga anachoka kwawo ku Dedza ali mnyamata ndipo anafika mumzinda uno wa Harare ukadatchedwa Salisbury, koma ngakhale akalambira ku Highfield, zambiri zimene amaona amaziyerekezerabe ndi za kumudzi. Chaka chatha anadzigunda ndi wilibala pamsongolo, ndipo chifukwa cha matenda a shuga amene akhala nawo kwa zaka zambiri, kabala kakang'onoko kanasanduka chilonda chosafuna kupola. Ntchito yowaperekeza kukatsukitsa chilondacho inagwera ine, popeza mwa ana onse ndine ndimakhala nawo pafupi. Pa maulendo onsewo mtima wanga unkasweka pa mphindi imodzi, pamene namwino ankamatula kansalu ka gauze kamene kanali kataumirira pachilonda. Ankayamba wakanyowetsa ndi madzi amchere ndipo ankachita modekha ndithu, komabe kansaluko kankachoka ndi timinofu tatsopano tofiira, magazi n'kuyambanso kutuluka, Bambo atagwiritsitsa m'mphepete mwa benchi osatulutsa mawu.

Tsiku lina tikubwerera kunyumba, pulasitala wogwira bandeji anayamba kumatuka chifukwa cha thukuta tisanafike n'komwe pokwerera kombi. Bambo anamuyang'ana n'kunena kuti: "Mwanawe, taona izi. Pofunika kugwira sipakugwira, posafunika kugwira ndiye pakugwira zolimba." Kenako anandifotokozera za ulimbo umene ankatchera nawo mbalame ali ana. Anati ulimbo ankausunga m'madzi, ndipo wofuna kuupaka pandodo ankayamba wanyowetsa zala, chifukwa pamene pali madzi ulimbo sugwira. Mawu amenewa anandikhala m'mutu kwa masabata angapo, ndipo ndi amene anandichititsa kuyamba kuwerenga za zinthu zotchedwa hydrogel, makamaka zomata, zimene akatswiri akhala akuzikonza kuti zigwire pamnofu wonyowa komanso kuti zichoke osaung'amba.

Dzinali ndi lachilendo koma chinthucho timachidziwa. Aliyense amene anaphikapo mang'ina, amene anzathu kuno amati mazondo, amadziwa kuti msuzi wake ukagona mumphika umagwirana n'kukhala chinthu chonjenjemera chimene ungachidule ndi mpeni, chikhalirecho pafupifupi chonsecho ndi madzi. Chimachitika n'chakuti puloteni ya m'khungu ndi m'mitsempha ya nyama, yotchedwa collagen, imasungunuka pophika n'kukhala gelatin, ndipo msuzi ukamazizira tizingwe take tatitali kwambiri, tosaoneka ndi maso, timalukana ngati ukonde n'kutsekera madzi m'timipata take. Hydrogel ndi zomwezo: ukonde wa tizingwe tatitali totchedwa polima umene umamwa madzi ochuluka osasungunuka, ndipo nthawi zambiri madziwo amaposa magawo 90 pa 100 alionse a kulemera kwake. Timibulu ta m'matewera otaya a ana, timene timafufuma mwana akakodza, ndi ta mtundu womwewu. Chifukwa chimene madokotala amazikondera n'chosavuta kumva, pakuti mnofu wathu nawonso ndi ukonde wofewa wodzaza madzi, motero thupi limalandira hydrogel mosavuta kusiyana ndi chitsulo kapena pulasitiki wolimba.

Amene anayamba kupangira dala chinthu chotere kuti chigwire ntchito m'thupi la munthu anali Otto Wichterle ndi Drahoslav Lím a ku Prague, amene anafalitsa zotsatira za ntchito yawo m'magazini ya sayansi ya Nature mu 1960. Kumapeto kwa 1961, pa nthawi ya Khirisimasi, Wichterle analumikiza makina kunyumba kwake pogwiritsa ntchito zidutswa za zoseweretsa ana zotchedwa Merkur, ndipo ndi makina amenewo anaumba magalasi ofewa ovala padiso penipeni, amene lero anthu ambirimbiri amavala m'malo mwa mandala. Ndimaikonda nkhani imeneyi chifukwa imandikumbutsa ana athu opanga magalimoto a mawaya, ndiponso chifukwa diso ndi malo osalola chinthu chokhakhala ngakhale pang'ono, choncho chimene diso lachilandira chimakhala chapambana mayeso ovuta.

Za zilonda zinadza padera. Tonsefe tinakula tikuuzidwa kuti chilonda chimafuna mphepo kuti chiume, ndipo nkhanambo ikabwera tinkati zinthu zayamba kuyenda. Mu 1962 George Winter wa ku Britain anayesa pa nkhumba, mabala ena n'kuwasiya pamtunda, ena n'kuwaphimba ndi kapulasitiki kopyapyala kuti asaume, ndipo anapeza kuti khungu latsopano linkayala pafupifupi kawiri kufulumira pamabala okhala ndi chinyezi. Maselo a khungu amayenda chokwawa kuchokera m'mbali mwa bala kupita pakati, ndipo pamwamba pakauma amakakamizika kudzera pansi pa nkhanambo, kumene kuli kutali ndiponso kovuta. Apa ndi pamene ndinamvetsa zimene zinkachitikira Bambo. Gauze alibe guluu aliyense, koma madzi otuluka pachilonda amalowa mu ulusi wake n'kuumira momwemo, ndipo timinofu tatsopano timamerera m'timabowo ta nsaluyo, motero kuichotsa kumakhala ngati kuzula mbewu zimene zangomera kumene. Zimene thupi linamanga m'masiku awiri zinkagumulidwa m'mphindi imodzi.

Namwino wina wachikulire, amene ankatilankhula m'Chishona chosakaniza ndi mawu angapo a Chichewa amene anaphunzira kwa agogo ake, ndiye anatiuza kuti tikagule jelo wa zilonda kufamase. Anali jelo woyera mbee ngati madzi, wofinyidwa kuchokera m'kachubu, ndipo ankamupaka pachilonda asanaphimbe. Jelo wotereyu samata, ntchito yake ndi kupereka chinyezi kuti mnofu wakufa ufewe ndipo thupi liuchotse lokha pang'onopang'ono. Namwinoyo anatichenjeza momveka bwino kuti si mankhwala a chilonda chilichonse. Pachilonda chotuluka madzi ambiri amangoonjezera vuto, chifukwa khungu lozungulira limayera n'kuyamba kunyenyeka ngati la munthu amene wachapa tsiku lonse, ndipo paphazi limene magazi sakufika bwino, lomwe chala chada n'kuuma, kufewetsa mnofu wakufawo kungatsegulire njira tizilombo toyambitsa matenda. Nditafufuza ndinapeza kuti mu 2013 bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kusanthula kafukufuku wa zamankhwala, linaona umboni wina wakuti hydrogel amapoletsa zilonda za kuphazi za odwala shuga kuposa nsalu wamba, koma linanenanso kuti kafukufukuyo anali wochepa ndiponso wosalimba mokwanira. Ndikulemba zimenezi chifukwa wodwala chilonda chokhalitsa amakhulupirira msanga chilichonse chimene walonjezedwa, ndipo sindikufuna kumuonjezera chiyembekezo choposa chimene umboni ukuloleza.

Hydrogel womata weniweni ndinamuona tsiku limene Bambo anawapima mtima ndi makina a ECG. Timapepala tozungulira timene anawamata pachifuwa tinali ndi kanthu kofewa ndi kozizira kunsi kwake, ndipo kanthu kameneko ndi hydrogel wosakaniza ndi mchere. Amagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi, kumata pakhungu ndi kudutsitsa timagetsi tochepa kwambiri ta mtima kupita ku waya, pakuti madzi amchere amadutsitsa magetsi. Zomata zazikulu za makina odzidzimutsa mtima umene wasokonekera kagundidwe nazonso zimakhala ndi jelo wotere. Zoterezi n'zofala ndipo zakhala zikugwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri, koma khungu lakunja ndi malo osavuta, chifukwa ukhoza kulipukuta kuti liume. Vuto lenileni lili m'kati mwa thupi.

Dokotala wa opaleshoni akang'amba, amatseka ndi ulusi kapena ndi timawaya topanira, ndipo pa ziwalo zambiri njira zimenezi zimakwanira. Koma singano iliyonse imasiya bowo lake. Pa mapapo, amene amafufuma ndi kuphwa nthawi zonse, mpweya umatha kutulukira m'mabowo a singanowo. Chiwindi n'chofewa moti ulusi ukhoza kuchicheka pomanga mfundo. Nembanemba yokuta ubongo ikasokedwa, madzi a muubongo amatha kumadontha pamsoko. Pa malo onsewa dokotala amalakalaka guluu, koma guluu amakumana ndi chimene Bambo ananena za ulimbo. Kuti chinthu chimate, chiyenera kukhudzana ndi pamalopo mwachindunji, pamene mnofu wamoyo umakhala wokutidwa ndi kamuyalo ka madzi, magazi kapena mamina, ndipo kamuyaloko kamaima pakati ngati mlendo wokhala pakati pa anthu awiri ofuna kugwirana chanza.

Zomatira zoyamba kulowa m'zipatala zinali ndi zofooka zoonekeratu. Guluu amene timamutcha supagulu ndi wa mtundu wa cyanoacrylate, umene Harry Coover anautulukira mu 1942 ndipo unayamba kugulitsidwa mu 1958. Mtundu wake wokonzedwera khungu, Dermabond, unavomerezedwa ku America mu 1998, ndipo umathandiza kutseka mabala aang'ono oongoka popanda kusoka. Koma ukauma umalimba osatha kupindika pamodzi ndi mnofu, ndipo ukamaphwanyika umatulutsa formaldehyde, amene amawononga maselo, n'chifukwa chake suyenera ziwalo zambiri za m'kati. Ndaonapo amakanika ena akudonthezera supagulu wa m'sitolo pabala la chala n'kupitiriza ntchito, ndipo ndimawadandaulira, chifukwa wa m'sitoloyo amatentha pouma, amanyerenyetsa mnofu, komanso amatsekera litsiro m'kati. Mtundu wina ndi guluu wa fibrin, wopangidwa ndi mapuloteni awiri a m'magazi, fibrinogen ndi thrombin, amene akasakanizidwa amaundana monga magazi amaundanira pabala. Thupi limamulandira bwino kwambiri, koma mphamvu yake ndi yochepa. Choncho kwa nthawi yaitali dokotala ankasankha pakati pa champhamvu chopweteka mnofu ndi chofatsa chosagwira zolimba.

Ma hydrogel otsekera misoko anadzaima pakati pa ziwirizi. DuraSeal, amene anavomerezedwa ku America mu 2005, amapoperedwa pamsoko wa nembanemba ya ubongo ngati timadzi tiwiri timene timagwirana m'masekondi ochepa, ndipo anamuthira mtundu wabuluu kuti dokotala aone pamene wafika. Progel, wa mu 2010, amatseka potuluka mpweya pamapapo, ndipo ReSure, wa mu 2014, amatseka kabala ka padiso pambuyo pa opaleshoni ya ng'ala. Onsewa amasungunuka okha m'thupi ntchito yawo ikatha. Koma khalidwe lomwa madzi limene limawapanga kukhala abwino ndi lomwenso lingavulaze, pakuti DuraSeal amafufuma akakhala m'thupi, ndipo zinachitikapo kuti atapakidwa pamalo opanikizika m'fupa la msana anafinya mitsempha. Kuyambira pamenepo kuchepetsa kufufuma kwakhala chimodzi mwa zinthu zimene opanga amalimbana nazo kwambiri.

Mbali imene inandikoka mtima koposa ndi yakuti akatswiri atasowa yankho anapita kukafunsa kwa tizilombo. M'nyanja zamchere muli kanyama ka zigoba ziwiri kotchedwa mussel, kamene kamadzimangirira pathanthwe ndi tiulusi, mafunde n'kumakamenya usana ndi usiku osakachotsa. Mu 1981 Herbert Waite ndi Marvin Tanzer anapeza kuti guluu wa kanyamaka ali ndi chinthu chochuluka chotchedwa DOPA, chimene chimatha kukankha madzi n'kugwirana ndi mwala mwachindunji, ndipo kuchokera apo zomatira zambiri zoyesera zakhala zikuikidwa tizigawo tofanana nacho. Mu 2017 gulu la Jianyu Li ndi David Mooney ku Harvard linatengera nzeru kwa nkhono yopanda chigoba yotchedwa Arion subfuscus, imene ikaopsezedwa imatulutsa mamina omata kwambiri kotero kuti mbalame imalephera kuinyamula. Tonsefe timaziona nkhono m'dimba nthawi ya dzinja zikukwera khoma lonyowa, koma ine sindinaganizepo kuti pali phunziro pamenepo.

Chimene gulu la ku Harvard lija linapanga chili ndi miyalo iwiri, ndipo chifukwa cha miyalo iwiriyo n'choyenera kuchimvetsa. Muyalo wokhudza mnofu uli ndi polima monga chitosan, amene amachokera ku zigoba za nkhanu ndi zinzake za m'madzi. Iye ali ndi mphamvu ya magetsi yotsutsana ndi ya pamwamba pa maselo, motero ziwirizi zimakokana, kenako tizingwe take timalowerera mumnofu n'kumangana nawo zolimba. Muyalo wachiwiri ndi hydrogel wolimba wa alginate, wochokera ku ndere zofiirira za m'nyanja, wolukana ndi polima wina wotchedwa polyacrylamide. Mtundu umenewu unafotokozedwa mu 2012 ndi gulu la Zhigang Suo, ku Harvard komweko, ndipo ngakhale uli madzi pafupifupi magawo 90 pa 100, umatamuka kupitirira ka 20 kutalika kwake usanaduke. Aliyense amene anamangapo thumba la chimanga panjinga amadziwa kuti chingwe chouma chimaduka kapena kumasuka njinga ikagwa m'dzenje, pamene mphira amatamuka, kumeza kugwedezako, n'kubwerera. Muyalo wachiwiriwo ndiye mphirayo: chiwalo chikakoka, timfundo tina tofooka m'kati mwa jelo timamasuka n'kumeza mphamvuyo isanafike pomatira. Poyesa chomatira cha miyalo iwirichi, gulu la Li ndi Mooney linatseka nacho bowo pamtima wa nkhumba umene ankaupopa mobwerezabwereza, ndipo analetsa nacho magazi pachiwindi cha makoswe.

Ku MIT, Hyunwoo Yuk ndi Xuanhe Zhao anatsata njira ina imene ndimaiona kuti ndi yanzeru mwa kuphweka kwake. M'malo molimbana ndi madzi, anaganiza zowamwa. Akangaude ena amagwira tizilombo ngakhale kunja kuli chinyezi chifukwa guluu wa pa ukonde wawo amayamwa madzi a pamalo okhudzanawo. Mu 2019 iwo anaonetsa tepi wouma womata mbali zonse ziwiri, wopangidwa ndi polyacrylic acid pamodzi ndi gelatin kapena chitosan, amene akakanikizidwa pamnofu wonyowa amamwa kamuyalo ka madzi kaja nthawi yomweyo, n'kugwira m'masekondi osapitirira 5, iye mwini n'kusanduka hydrogel wofewa. Mu 2021 gulu lomweli linapanga phala lomata lotengera kanyama kotchedwa barnacle, kamene kamakakamira kunsi kwa sitima zapamadzi. Kanyamaka kamayamba katulutsa mafuta otsuka pamalopo kasanaike guluu, ndipo phalalo nalonso lili ndi mafuta okankha magazi kuti timibulu tomata tifike pamnofu, moti poyesa pa nyama linkatseka potuluka magazi m'masekondi pafupifupi 15. Mu 2022 anaonetsanso kachipangizo ka sikani kakakulu ngati sitampa, komatidwa pakhungu ndi hydrogel, kamene kankajambula za m'kati mwa thupi kwa maola 48 osalekeza.

Zonsezi zikuyankha theka loyamba la dandaulo la Bambo, lakuti pofunika kugwira sipagwira. Theka lachiwiri, lakuti chogwira chichoke mwamtendere, ndi limene ine ndimaliona kukhala lofunika kwambiri, mwina chifukwa ndi limene ndinaliona ndi maso anga pa benchi ija. Chomatira champhamvu chikaikidwa pamalo olakwika pamtima kapena pamatumbo, kuchichotsa mokoka kungawononge koposa bala loyamba. Mu 2020 gulu la ku MIT lija linafotokoza mtundu wa tepi amene amamasuka akathiridwa madzi osungunulamo soda ndi glutathione, chinthu chimene chimapezeka kale m'maselo athu. Soda wake ndi yemweyu amene timathira mu therere. Madziwo amamasula timfundo togwirizanitsa tepi ndi mnofu, ndipo pakapita mphindi zochepa tepiyo amasendeka osang'amba kanthu. Nditawerenga zimenezi ndinakhala chete kwa kanthawi, chifukwa ndinaganizira ana opsa ndi moto kapena phala, amene amachuluka m'miyezi yozizira ya June ndi July magetsi akazima ndipo mabanja akuotha mbaula kapena kuphikira pa sitovu ya parafini. Kwa mwana wotere, kusintha bandeji ndi chizunzo chobwerezedwa masiku ambiri, ndipo amayamba kulira akangoona yunifolomu yoyera.

Pa za kupsa ndionjezere mawu amodzi, popeza m'mabokosi ambiri a chithandizo choyamba kuno mumapezeka Burnshield, hydrogel wopangidwa ku South Africa. Amaziziritsa ndi kuchepetsa ululu, ndipo sakakamira pabala, koma salowa m'malo mwa chithandizo choyambirira chenicheni, chimene ndi kuthira madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, osati ayezi, mafuta ophikira kapena mankhwala otsukira mano.

Ndiyenera kunena mosabisa kuti zomatira za nkhono, kangaude ndi barnacle zimene ndafotokozazi zinaonetsa mphamvu zake pa makoswe ndi nkhumba, ndipo kuchoka pa nyama kufika pa munthu ndi ulendo wa zaka zambiri, wofuna kutsimikiza kuti chinthucho sichiyambitsa kutupa, sichisunga tizilombo, ndiponso kuti zotsalira zake zikasungunuka zimatuluka m'thupi bwinobwino. Ngakhale zimene zinavomerezedwa kale n'zodula, ndipo zina, monga guluu wa fibrin, zimafuna kusungidwa mufiriji, chinthu chimene sichingadaliridwe pachipatala chaching'ono cha kumudzi kumene magetsi amabwera mwa apo ndi apo. N'chifukwa chake mwa zonsezi ndimayang'anira kwambiri tepi wouma uja, pakuti chinthu chouma chimasungika ndi kunyamulika mosavuta, ndipo sichifuna kusakaniza kapena nyale yapadera kuti chigwire. Zipangizo zake zinanso si zachilendo ku dera lathu lino, popeza gelatin amachokera ku zikopa ndi mafupa a ng'ombe, ndipo ndere zofiirira zopangira alginate zimamera zambiri m'gombe la kumadzulo kwa South Africa ndi ku Namibia. Ndikukhulupirira kuti ophunzira a sayansi pa University of Zimbabwe kapena ku Kamuzu University of Health Sciences ku Blantyre akhoza kuchita zambiri pa bandeji wotsika mtengo wosunga chinyezi ndi womatuka mofatsa, ngakhale asanafike pa zomatira mitima. Moses Murandu, namwino wa kuno ku Zimbabwe amene anakaphunzitsa pa University of Wolverhampton, anatenga shuga wamba amene bambo ake ankathira pamabala kumudzi n'kumufufuza mwa dongosolo la sayansi m'zipatala za ku Britain, ndipo zimenezi zimandilimbitsa mtima kuti funso lochokera pakhomo likhoza kufika patali likagwiridwa mosamala.

Chilonda cha Bambo chinatseka patapita miyezi isanu ndi iwiri. Sindinganene kuti jelo yekha ndiye anachipoletsa, chifukwa nthawi yomweyo anasinthidwa mankhwala a shuga, anachepetsa nsima ya madzulo, ndipo ankagoneka mwendo pamtsamiro masana onse monga anauzidwa. Chimene ndingachitire umboni n'chakuti kuyambira sabata imene tinayamba kugwiritsa ntchito jeloyo, bandeji ankachoka osatenga mnofu, ndipo Bambo anasiya kugwira benchi. Madzulo ena ndinawafotokozera za nkhono ya ku Harvard ndi za tepi womwa madzi, iwo akumvetsera atatsamira ndodo yawo. Anandifunsa kawiri ngati zoonadi chinthucho chimagwira pamene pali magazi, ndipo nditavomera anapempha kachubu kamene kanatsala, anafinyira kadontho pachala, n'kukapekesa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala monga ankayesera ulimbo ku Dedza. Anati uyu ndi wofewetsa chabe, alibe mano, ndipo anandiuza kuti tsiku limene wogwira pamadziyo adzafike m'mafamase a m'tauni ndidzawagulire mmodzi kuti adzamuyese okha ndi zala zonyowa.